Laputopu yanga yakale ikuchedwa kwambiri, ndiyifomate?

mai_a_mapasa

Moni nonse, ndithandizeniko maganizo abale. Ndili ndi laputopu yomwe ndinagula mu 2012, ndi ya Core i3, RAM yake 2GB, hard disk 320GB. Inabwera ndi Windows 7 koma mu 2016 mlamu wanga anandiyikira Windows 10 nthawi ija ankalola kukwera mwaulere. Poyamba inkayenda bwinobwino ndithu, koma chaka chino yafika poipa. Ukayatsa umatha kukagwira kantchito kena n'kubwerako iyo isanatseguke, ikatsegukanso ukadina Word umangoona kabwalo kaja kakuzungulira, kenako sikirini imayera n'kulemba kuti Not Responding. Fani nayo imalira kwambiri ndipo pansi pake pamatentha moti sungayiyike pamiyendo.

Mnzanga wa kuntchito akuti ndingoyifomata n'kuyikamo Windows ina, akuti mwadzadza mavayirasi. Ine mantha anga ali pa zithunzi za ana kuyambira ali makanda ndi mafayilo a kuntchito a zaka zambirimbiri, zonsezi zili ku D. Kodi munthu ukafomata ndi D yomwe imapita? Komanso ndimaganiza zobwerera ku Windows 7 poti ndi imene inkathamanga, kungoti kastika ka pansi kaja ka key ya Windows manambala ena anafufutika. CD ndilibe ndipo poyika DVD panasiya kalekale kutseguka. Ndingathe kupanga ndekha zimenezi kapena ndisayerekeze? Ntchito zanga si zambiri, kulemba, Excel, imelo, ndi ana akamaonera YouTube basi.

Mnyamata22

Fomatani basi mayi, musaope. Ine yanga ndimafomata chaka chilichonse ndipo imabwerera mwakale. Windows 7 ndi yopepuka, pa 2GB ndi imene ingakuyendereni. Mukamafomata mungosankha C, D simuyikhudza.

Kadaulo

Mayi dikirani kaye, musafomate lero. Achimwene ali pamwambawa sakunama kuti D itha kutsala osakhudzidwa, koma pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa: C ndi D pa laputopu ngati yanuyo si madisiki awiri ayi, ndi disiki imodzi yomweyo yongogawidwa pakati. Ndiye ngati vuto lili pa disiki yeniyeniyo, D ili pa ngozi chimodzimodzi ndi C, mufomate musafomate. Ndipo zimene mwafotokozazi, zoti inkayenda bwino ndi Windows 10 yomweyo kenako n'kuyamba kumangoima chaka chino, ine zikundikayikitsa hard disk kuposa mavayirasi. Disiki ya mu 2012 yagwira ntchito zaka zoposa khumi, mkati mwake muli timbale tozungulira, tambiri ta mu laputopu timazungulira ka 5400 pa minitsi, ndi kamkono kowerenga. Zinthu zoyendayenda zimatha. Ikayamba kutha imawerenga malo amodzi kambirimbiri isanapeze chomwe ikufuna, ndipo nthawi yonseyo inu mumangoona kabwalo kaja.

Kufomata kumachiza mavuto a mapulogalamu okha, monga zinthu zambirimbiri zodziyatsa zokha kompyuta ikamayaka, mavayirasi, Windows yoonongeka. Sikuchiza disiki yotha, sikuwonjezera RAM, sikuchotsa fumbi mu fani. Choipa kwambiri n'choti kuinstola Windows kumalemba zinthu zambiri pa disiki, ndiye disiki yodwala kale imatha kufera pakati pa ntchitoyo, inu n'kutsala opanda Windows yakale, opanda yatsopano, zithunzi zili momo.

Yambani mwafufuza, sizitenga nthawi. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka, pitani pa Performance muone Memory ndi Disk musanatsegule china chilichonse. Ngati Disk yangokhala pa 100% kwa nthawi yaitali pomwe inu simukuchita kanthu, chimenecho ndi chizindikiro. Kenako dawunilodani kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kamawerenga lipoti lomwe disiki imadzisungira yokha lotchedwa SMART. Kakalemba Good ndi mtundu wabuluu zili bwinoko, kakalemba Caution ndi chikasu ndiye kuti disiki yayamba kupeza malo oonongeka. Mudzatiuze zomwe mwaona.

Za Windows 7 ine ndikukana. Microsoft inasiya kuyitumizira ma update achitetezo pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza kuyenda pa 7 ndi 109 ya kumayambiriro kwa 2023, Firefox nayo inaima pa 115. Kompyuta yolemberapo yokha yosalumikiza pa intaneti mwina, koma inu mumatsegulapo imelo, ana ali pa YouTube, simungakhale pa khomo losatsekeka chonchi. Ndikuuzeninso zoona kuti Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025, kupatula amene analembetsa ESU, ndondomeko ya Microsoft yowonjezera ma update achitetezo kwa kanthawi. Windows 11 imafuna kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4GB ndi purosesa ya Intel ya 8th gen kupita m'tsogolo, yanuyo ya 2012 siili pa mndandanda umenewo. Koma izi tikambirana bwino, choyamba mafayilo apulumuke.

gogo_makina

Mwanawe mvera zimene akuuza a Kadaulo. Ine ndiwonjezere za mafayilo chifukwa zinandionekera ndipo mpaka lero zimandiwawa. Ndinapereka kompyuta yanga kwa mnyamata wina wokonza kuti andiyikire Windows, ndinamuuza bwinobwino kuti ku D asakhudzeko. Vuto ndi loti pa sikirini ija yosankha poyika Windows sipalembedwa C kapena D, pamalembedwa Drive 0 Partition 1, Drive 0 Partition 2, choncho, ndiye munthu umazindikira ndi kukula kwake kokha. Iye anafufuta zonse kuti ayambe pabwino. Zithunzi za malemu amuna anga zinapita pomwepo, tinayesa mapulogalamu obwezeretsa zinabwera zochepa, zina zotseguka theka. Ndiye munthu akamati ungosankha C ine mtima umagunda, chifukwa C yo sudzayiona ndi dzina limenelo.

Kopera chilichonse pa disiki ina yakunja kapena pa mafulashi musanachite kanthu, ndipo usangokopera D yokha. Anthufe timaiwala kuti Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures zonsezi zimakhala ku C. Mapasiwedi omwe Chrome inakusungira uwalembe penapake kapena ulowe mu akaunti yako ya Google kuti asungidwe kumeneko, makamaka ya imelo, ambiri amadzazindikira atafomata kuti pasiwedi sakuyikumbukira n'komwe chifukwa zaka zonsezi imangotseguka yokha. Ukamaliza kukopera tenga disikiyo ukayese pa kompyuta ina, utsegule zithunzi zingapo ndi mafayilo angapo uone ndi maso ako kuti zikutseguka. Foda kuoneka si umboni woti zonse zalowa.

Za kutenthazo ndi fumbi nthawi zambiri. Limaundana ngati kansalu pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya, ndiye purosesa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Windows yatsopano sichotsa zimenezo.

pengwini_wakale

Achemwali, pa 2GB Windows 10 imavutika ngakhale itakhala yatsopano bwanji, 2GB ndi mlingo wotsikitsitsa womwe Microsoft inayika pa ya 64-bit, kutanthauza kuti imayaka basi, ukatsegula Chrome ndi matabu atatu RAM yatha ndipo imayamba kubwereka malo pa hard disk, yomwe ndi yochedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM. Ngati disikiyo ikudwalanso ndiye mavuto awiri akumana.

Ine ndikuti ganiziraniko Linux, yomwe imayikidwa m'malo mwa Windows. Ndikudziwa anthu akangomva dzinali amaganiza za sikirini yakuda yolembapo malamulo, koma Linux Mint ya Xfce maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi Windows 7 mumayikondayo, menyu ili pansi kumanzere, mafoda, zonse pa mausi. Ndi yaulere, safunsa key, imalandira ma update achitetezo, imabwera kale ndi Firefox ndi LibreOffice yomwe imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Eni ake amati 2GB imakwana koma 4GB ndiye yabwino, disiki 20GB. Lubuntu nayo ndi yopepuka. Core i3 yanu ndi ya 64-bit ndiye zonsezi zikwana, amene amavutika ndi a tima netbook takale ta Atom N270 tomwe ndi ta 32-bit, iwowo amathawira ku antiX chifukwa Mint inasiya 32-bit kuyambira pa 20.

Ubwino wake waukulu kwa inu panopa ndi woti mutha kuyiyesa osainstola. Mumayika pa fulashi, kuyatsa laputopu kudzera pa fulashiyo, n'kugwiritsa ntchito ngati kompyuta wamba, hard disk yanu osalembedwa kanthu. Mumaona ngati Wi-Fi, mawu ndi kiyibodi zikugwira. Ndipo ngati Windows ikumaima mukamakopera zithunzi, mutha kukopera muli mu Linux ya pa fulashi yomweyo, ndapulumutsapo mafayilo a anthu angapo mwanjira imeneyi.

Sindikubisirani zovuta zake. Word yeniyeni ya Microsoft siyenda pa Linux kupatula ya pa intaneti, ndipo mafayilo okhala ndi matebulo ovuta kapena Excel ya ma macro nthawi zina amasokonekera mu LibreOffice. Ngati kuntchito kwanu mumatumizirana mafomu oti asasinthe ngakhale mzere umodzi, yesani kaye mafomu amenewo pa fulashi muone.

mai_a_mapasa

Zikomo nonse, gogo pepani kwambiri ndi zithunzi zija, nkhani yanuyi ndi imene yandiimitsa chifukwa ndinali nditatsala pang'ono kumupatsa mnzanga uja mawa. A Kadaulo ndachita zimene munanena. Memory ili pa 80% ndisanatsegule kanthu, Disk ili pa 100% sikutsika. CrystalDiskInfo yalemba Caution yachikasu, ndipo pamunsi pali mizere iwiri yachikasunso, Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Ndabwereka disiki yakunja ndayamba kukopera koma foda ina yakana, ikulemba za cyclic redundancy check. Ndiyambe ndapanga sikani ya antivayirasi kapena? Mnzanga uja akutinso ndipange defrag yosanja mafayilo pa disiki. Ndiye poti disiki ndi yodwala, laputopuyi yatha basi?

Kadaulo

Ayi mayi sinathe, chatha ndi disiki yokha ndipo imeneyo imasinthidwa. Koma chonde musapange defrag, musapange sikani yonse ya antivayirasi, chkdsk yofufuza zolakwika pa disiki nayonso ayi, mpaka mafayilo atatuluka. Zonsezi zimayendetsa disiki kuchokera koyamba mpaka kumapeto kwa maola ambiri, ndipo mphamvu zomwe yatsala nazo mukuzifuna pokopera. Reallocated ndi malo omwe anaonongeka disiki n'kuwasamutsira kwina, Pending ndi malo omwe ikulephera kuwerenga panopa, ndipo foda yakanayo ili ndi fayilo yomwe yakhala pa malo otero. Musalimbane nayo. Koperani pang'onopang'ono, foda imodzi imodzi, kuyambira zomwe simungazipezenso kwina kulikonse, zithunzi za ana poyamba, kenako za kuntchito, nyimbo ndi mafilimu kumapeto. Foda yovutayo mulowemo mukopere mafayilo ochepa ochepa, yomwe ikukana idumpheni, mudzayiyesa pomaliza ndi fulashi ya Linux monga anenera achimwene a pengwini. Laputopu ikhale patebulo, pachaja, musamayinyamule ikuyenda.

Mukatha apo njira yomwe ine ndingatsate ndi iyi, ndipo mudzaona kuti funso lanu lofomata likutha lokha. Pezani disiki ya mtundu watsopano yotchedwa SSD, ya SATA ya 2.5 inch, ya 240GB kapena 256GB ikukwanirani. Imalowa pomwe pali hard disk yakaleyo, polumikizira ndi pamodzimodzi. Mulibe chozungulira mkati ndiye siitaya nthawi kufunafuna, apa ndi pomwe makina akale amasinthiratu, kuposa china chilichonse chomwe mungawachitire. Muchotse yakaleyo muyisunge momwe iliri, muinstole pa SSD yopanda kanthu. Mwatero simunafomate chilichonse, simungasankhe partition yolakwika chifukwa palibe yoti mulakwitse, ndipo disiki yakale mutha kuyiyika mu kabokosi ka USB n'kumatengamo zomwe munaiwala. Malaputopu ambiri a nthawi imeneyo ali ndi kachitseko pansi ka masikuluwu awiri kapena atatu, ena mpaka uchotse chivundikiro chonse, sakani dzina la model yanu pa YouTube muone kaye mmene amatsegulira. Zimitsani, chotsani chaja ndi batire musanagwire mkati. Poti mwatsegula kale, fumbi lija lichoke tsiku lomwelo, ndipo muone ngati pali malo achiwiri a RAM opanda kanthu. Ya makina amenewo imakhala DDR3 ya laputopu, werengani kastika ka pa RAM ilipoyo mupeze yofanana nayo. Mukafika 4GB mwapuma, ambiri amalandira mpaka 8GB.

Mukasankha kukhalabe pa Windows 10, DVD siyofunika. Mufunika fulashi yosachepera 8GB yopanda kanthu chifukwa imafufutidwa yonse, ndipo muyikonzere pa kompyuta ina yabwino, osati yodwalayi. Tengani Windows kuchokera pa webusayiti ya Microsoft yeniyeni, Media Creation Tool imakonza fulashi yokha, kapena mutenge ISO, fayilo imodzi yokhala ndi Windows yonse, muyilembe pa fulashi ndi kapulogalamu kotchedwa Rufus. Mu Rufus mukafunsidwa, makina a BIOS yakale (kapulogalamu koyatsa kompyuta Windows isanayambe) amafuna musankhe MBR, a UEFI, yomwe inalowa m'malo mwa BIOS, amafuna GPT, fulashi ikakana kubuta nthawi zambiri ndi pamenepa palakwika, mumangoyilembanso ndi inayo. Ma Windows osinthidwasinthidwa omwe anthu amapatsana aja, olembedwa kuti lite kapena activated, asiyeni, simudziwa chomwe anabisamo. Poyatsa mumadina batani la boot menu, pa HP ndi F9, pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri F12, pa Asus Esc, n'kusankha fulashi.

Za kastika kofufutika musadandaule. Poti munakwera kupita ku 10 mu 2016, laisensi yanu inalembedwa kale ku Microsoft molingana ndi makina anu, ndipo kusintha disiki sikuyichotsa. Ikafunsa key dinani I don't have a product key, ikalumikizidwa pa intaneti imadzitsimikiza yokha. Chachikulu musankhe mtundu womwe muli nawo panopa, Home kapena Pro, ndiye muone pa Settings, System, About musanachotse disiki yakale, muonenso pa Activation kuti yalemba digital license. Sankhani 64-bit ngati muwonjezere RAM, ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito 4GB yonse. Chomwe sichibwerera chokha ndi Office, Word ndi Excel sizibwera ndi Windows, zimafuna key yakeyake kapena akaunti yomwe inagulira. Fufuzani zimenezo panopa. Dawunilodaninso driver ya Wi-Fi ya model yanu muyisunge pa fulashi ina, Windows 10 imapeza yokha nthawi zambiri koma ikapanda kupeza mumasowa polowera pa intaneti kuti mukatenge ma driver enawo.

Maganizo anga enieni, poti Windows 10 yafika kumapeto ndipo 11 siyikulandirani, pa ntchito mwatchulazi ine ndikanayika Mint. Koma Excel ya kuntchitoyo ndi imene igamule, osati ine.

Mnyamata22

Apa ndaphunzirapo akuluakulu, zoti C ndi D ndi disiki imodzi sindinkaziganizira. Yanganso ndiyiyeza ndi CrystalDiskInfo, mwina n'chifukwa chake imabwerera kuchedwa pakangopita miyezi ingapo.

pengwini_wakale

Kuwonjezera pang'ono achemwali, mukayatsa Mint ya pa fulashi n'kupeza Wi-Fi palibe musafulumire kuyitaya. Malaputopu ambiri akale ali ndi kadi ya Broadcom yomwe imafuna driver yapadera, mumalumikiza foni ndi chingwe cha USB n'kuyatsa USB tethering kuti mupeze intaneti, kenako mutsegule Driver Manager muyisankhe pamenepo. Komanso liwiro la pa fulashi musaliyese ndilo liwiro lake lenileni, pa SSD imathamanga kuposa apo.

gogo_makina

Ukatsegula uonenso tsiku ndi nthawi mu BIOS mwanawe. Ngati zikumabwerera m'mbuyo ukachotsa batire, ndiye kabatire kakang'ono ka pa bodi katha, ndipo tsiku likalakwika mawebusayiti amakana kutseguka n'kumalemba zoti kulumikizana si kotetezeka. Munthu umayesa wainstola molakwika pomwe ndi wotchi chabe.

mai_a_mapasa

Ndabweranso abale. Kukopera kunanditengera madzulo atatu koma zithunzi zonse zatuluka kupatula zisanu ndi ziwiri za mu foda ija, ziwiri mwa izo ndinazipeza kudzera pa fulashi ya Mint, zisanu zakaniratu. Ndakatsegula pa kompyuta ya kuntchito monga munanenera gogo, zikutseguka. SSD ndayika ndekha, kunali kachitseko ka masikuluwu awiri, ndipo fumbi lomwe linatuluka pa fani sindinkayembekezera, panopa ikungomveka pang'ono. Malo achiwiri a RAM alipo opanda kanthu, imeneyo ndikufufuzabe yofanana ndi ilipoyo.

Office yanga ndapeza kuti key yake ndilibe, ndiye ndinayesa mafayilo a kuntchito mu LibreOffice ndili pa fulashi, a Excel onse ali bwino, fomu imodzi ya Word ndi imene tebulo lake latsikira pa tsamba lachiwiri. Ndayika Mint yomweyo, ikuyaka ndisanakhazikike n'komwe pampando. Wi-Fi inagwira yokha. Chomwe chandivuta panopa ndi pulinta, ikuoneka pa mndandanda koma ndikatumiza pepala sikutulutsa kanthu, komanso fomu ija ndingayikonze bwanji kuti anzanga a pa Word akaitsegula isasokonekere?

pengwini_wakale

Fomuyo ikusuntha chifukwa cha mafonti, mwina inalembedwa ndi Calibri kapena Times New Roman zomwe sizibwera ndi Mint. Mu Software Manager sakani ttf-mscorefonts-installer, imabweretsa Times New Roman ndi Arial, ndipo ya Calibri instolani fonts-crosextra-carlito yomwe zilembo zake ndi zofanana kukula. Poseva musankhe docx, ndipo ngati ndi yongowerenga osati yoti ena alembemo, tumizani PDF. Za pulinta tiuzeni dzina lake ndi model, komanso ngati mwalumikiza ndi chingwe kapena pa Wi-Fi.